Makala Onyowa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Mawu athu m'mawa uno ali pa Marko 9:24. Mukuwadziwa kale, ndi aja a bambo amene anabwera ndi mwana wake wozunzika kwa Yesu: "Ndikhulupira; thandizani kusakhulupira kwanga."

Ndikulemba izi maso akadali ofiira ndi utsi. Magetsi anazima usiku, ndiye m'bandakucha ndinatulutsa mbaula kuti nditereke madzi osamba ndi phala. Kupita pakhonde, thumba la makala lanyoweratu. Tinaiwala kulilowetsa, ndipo mvula ya dzulo ija inachita kuombera mpaka pachitseko. Amene munayatsapo makala onyowa mukudziwa. Kajumbo kanayaka n'kutha, makala ali duu. Ndinaikapo mapepala, nawonso anapsa okha. M'bokosi munatsala timitengo titatu ta machesi. Kenaka pansi penipeni kakhala kamodzi kanafiira, kochepa ngati nyemba. Ndinatenga chivundikiro cha ndowa n'kuyamba kukupiza.

Kupizani, abale. Ndineneretu zimenezi ndisanapite patali, poti ena mumangowerenga mizere yoyamba muli m'minibasi. Ngati mwadzuka ndi kakhala kamodzi kokha mumtima, musataye mbaula yonse kudzala. Kupizani komweko.

Sabata ino sinandikomere. Mnyamata wanga woyamba anamaliza sukulu zaka ziwiri zapitazo, ndipo makalata ofunsira ntchito amene walemba ndinasiya kuwerenga. Mwezi watha anaitanidwa ku intavyu. Tinasala kudya masiku atatu, ine ndi iye. Shati ndinasita ndekha. Lachiwiri yankho linabwera pafoni, mizere iwiri yokha, yothokoza. Mwanayo sanalire, anangoti "Chabwino amayi," n'kulowa kuchipinda. Kusalira kwakeko ndi kumene kunandilasa. Usiku umenewo sindinapemphere. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi yunifolomu ya Mvano ndinaiyang'ana ili pahang'ala, n'kutumiza uthenga woti mutu ukundipweteka. Mutu unali bwinobwino. Ndinkangodzifunsa kuti kodi kumwambako alipo amene akumva, kapena zaka zonsezi ndakhala ndikuyankhula ndi malata?

Ine amene ndimakutumizirani mawu m'mawa uliwonse, ndi amene ndinafunsa funso limenelo. Makala anga ananyowa.

Nanga bambo wa mu Marko uja, ake anali ouma? Anali atapita kale kwa ophunzira, iwo n'kulephera pamaso pa khamu. Mwanayo anayamba kudwala ali wamng'ono, mzimu uja ukumugwetsera pamoto ndi m'madzi. Munthu wotero safika kwa Yesu akuimba. Anafika ndi "ngati mukhoza." Koma anafika ndithu, ndipo kakhala kamene anali nako sanakabise, ngakhalenso kunyowa kwa makala enawo sanakubise. Anaika zonse pamodzi, mbaula yake momwe inalili. Yesu sanamubweze kuti akayambe waumitsa.

Pano ndidzudzuleko pang'ono, mwachikondi. Ife a m'tchalitchi timafulumira pakamwa. Mlongo akangoti "ndatopa, sindikuona dzanja la Mulungu," timamulumphira: mulibe chikhulupiriro, mwatsegulira Satana khomo, pali tchimo limene mukubisa. Kumeneko n'kuthira madzi pa mbaula yofuka kale. N'chifukwa chake ambiri amabwera Lamulungu atavala bwino, amaimba, amapereka chopereka, koma m'kati muli phulusa lokhalokha ndipo sauza munthu. Yohane M'batizi, yemwe uja analoza Yesu ndi chala chake ku Yordano, ali m'ndende anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Iye analidi wakudzayo kapena ayembekezere wina. Werengani Mateyu 11. Atangochoka otumidwawo, Yesu anamuyamikira Yohane pamaso pa anthu. Ife tikanamuitanira ku bwalo la akulu ampingo.

Koma nanenso ndisadzikhululukire msanga. Kunyowa kwa makala si mlandu, koma kusiya kukupiza ndinasankha ndekha. Masiku atatu osapemphera aja ndinakhala manja lende, ndikudikira kuti mtima uyambe watentha ndiye ndipemphere. Kodi alipo amene amadikira mbaula iyake kaye kenaka n'kuyamba kukupiza? Timakupiza pamene sipakuoneka kanthu. Utsi umalowa m'maso, mkono umatopa, umasintha dzanja, mwana akufunsa ngati phala lapsa. Ndipo utsi woŵaŵawo ndiwo umboni wakuti madzi akutuluka m'makala. Pemphero louma lija, lopanda misozi, lija mumangoti "Ambuye, ndine pano" n'kusowa chonena china, musalipeputse. Ndi chivundikiro cha ndowa chimenecho. Kupizani.

Chinanso, samalani ndi moto wa jumbo. Umalilima mosangalatsa, aneba n'kuona kuwala, koma pakapita mphindi imodzi watha, kwatsala fungo. Mtima ukawawa timathamangira kulikonse kumene atilonjeza yankho la mawa lomwe, bola tipereke kenakake. Lachitatu lija nanenso ndinagwira foni kufuna nambala ya munthu wina amene anzanga amamutama. Sindinaimbe, koma osati chifukwa cha uzimu, mayunitsi ndi amene anandithera. Mulungu amatchinga m'njira zoseketsa nthawi zina.

Kumudzi tikukula, moto ukazima sitinkachita manyazi. Amayi ankangoti, "Tenga phale ukapale moto kwa agogo ako." Unkabwera nalo khala limodzi, ukulitchinga ndi dzanja kuti mphepo isalizimitse, ndipo nsima inkapsa ndi moto wopempha. Lachinayi madzulo mayi wina wachikulire wa ku Mvano anafika kwathu, akuti kudzazonda mutu uja. Anandiyang'ana kamodzi n'kudziwa. Sanandilalikire. Anakhala pamkeka, anamwa tiyi, kenaka anati, "Mayi, lero musavutike, ndipemphera ndine. Inu muzingoti ameni." Ameni wanga anatuluka movutikira, koma anatuluka. Ngati kwanu kwazima, kapaleni moto. Ngati kwanu kukuyaka, suzumirani kwa mnzanu amene sanaoneke masabata awiri, musadikire kuti achite kubwera ndi phale.

M'mawa uno ndikukupiza muja ndinakumbuka Petro. Pa Yohane 18:18 akuwotha moto wa makala pabwalo la mkulu wa ansembe, ndipo pomwepo ndi pamene anakana Mbuye wake. Pa Yohane 21:9 wabwerera ku ukonde, wagwira ntchito usiku wonse osapha kanthu, ndipo pofika kumtunda akupeza moto wina wa makala, nsomba ili pamoto, mkate uli pambali. Sanayatse ndi iye. Anaupeza ukuyaka kale, ndipo funso lija la "kodi undikonda Ine?" linabwera atatha kudya. Ndaima pamenepo nthawi yaitali, chivundikiro chili m'manja.

Ntchito ya mwana wanga sinapezeke. Ndisakunamizeni kuti ndadzuka ndi umboni. Mafunso anga ena akadalipo, ndipo ndawauza Ambuye momwe alili, monga anachitira bambo uja. Koma mbaula ija inayaka, patapita nthawi ndithu, kuchokera pa kakhala kamodzi kaja. Makala onyowa amene anali pamwamba anauma ndi moto wa mnzawo, nawonso n'kugwira.

Tipemphere. Atate, tikhulupira, thandizani kusakhulupira kwathu. Kumbukirani amene adzuka ndi phulusa lokha, amene akudikira yankho la ntchito, amene agona pabenchi kuchipatala podikirira odwala. Tipatseni mphamvu yokupiza lero lokha. M'dzina la Yesu, ameni.

Ndisiyire pomwepa, phala layamba kubwata. Mnyamata uja wadzuka, ndamumva akufunsa ngati envelopu ya khaki inatsalako.