Mafilimu Awiri Omwe Anagwa Tsiku Limodzi Koma Mpaka Lero Sanafe

Moni nonse, takulandirani! Pa 25 Juni 1982 ku America kunatuluka mafilimu awiri, Blade Runner ya Ridley Scott ndi The Thing ya John Carpenter. Onse anagwa chagada. Koma lero, patatha zaka zoposa 40, anthu akuwaonerabe mpaka kuloweza mawu ake. Khalani pompo, ndikuuzeni chomwe chinachitika.

Mafilimu ngati awa amatchedwa ma cult film. Mwachidule, cult film ndi filimu yomwe sinakomere aliyense, koma ili ndi kagulu koikonda kwadzaoneni. Apa tikunena za sayansi yopeka, za maroboti ndi zilombo zochokera kuthambo. Basi, tiyeni tione zifukwa zitatu zomwe awiriwa sanafere.

Choyamba, zinthu zake anazipanga ndi manja. Mzinda wa Los Angeles wa mu Blade Runner, wamvula ndi magetsi owala uja, mbali yaikulu ndi timanyumba tating'ono tomwe anatijambula mu utsi. Mu The Thing muli malo ena pomwe mutu wa munthu ukuthothoka, kugwa pansi, kumera miyendo ngati kangaude n'kuyamba kuthawa. Anaupanga ndi Rob Bottin, mnyamata wa zaka 22, ndipo ntchitoyo itatha anakagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutopa. Mukamaonera, thupi limachita tsembwe chifukwa chinthucho chinalipodi pamaso pa kamera.

Chachiwiri, mtsutso wosatha: Deckard, mwini filimu wa Blade Runner, ndi munthu weniweni kapena replicant, kutanthauza munthu wochita kupangidwa? Ridley Scott akuti replicant, Harrison Ford amene anasewera gawolo kwa zaka zambiri ankati munthu. Inu mukuti bwanji? Lembani m'makomenti, ndimawerenga onse.

Tsopano bodza lomwe limandipsetsa mtima. Anthu amakonda kunena kuti mafilimu awa anali otchuka chiyambire. Ayi ndithu! Masabata awiri m'mbuyomo, pa 11 Juni, Steven Spielberg anali atatulutsa E.T., kachilombo kokoma mtima kofuna kubwerera kwawo. Anthu anakhamukira kumeneko. Ndani akanafuna chilombo cha ku Antarctica chomwe chimadya anthu n'kusanduka iwowo? The Thing inadya madola 15 miliyoni, inabweza osakwana 20 miliyoni. Olemba nkhani anainyoza kuti ndi yonyansa chabe, ndipo Carpenter anachotsedwa pa filimu yotsatira, Firestarter.

Blade Runner ndiye inazunzika zenizeni. Eni ndalama ataona kuti oonera oyesera sakuimvetsa, analamula kuti Ford azilongosola nkhani pamwamba pa zithunzi. Anaikanso mathero osangalatsa, ndipo zithunzi za mapiri zomwe zili kumathero amenewo ndi zotsala za The Shining ya Stanley Kubrick. Zotsala, abale anga! Tsono muziti inali yolemekezeka kuyambira tsiku loyamba?

Musanaiwale, dinani subscribe ndi kabelu kaja, zimathandiza kwambiri chanelo chino.

Chachitatu, chomwe chinawadzutsa ndi matepi a VHS. Inu amene munakulira m'ma video show mukudziwa momwe tepi imayendera, uyu abwereke, uyo abwezere m'mbuyo kuti aonenso pamalo pomwe panamukoma. Mafilimu awa amafuna kuwaonera kawiri katatu, ndipo tepi inapereka mpata umenewo. Mu 1992 kunatuluka Blade Runner yokonzedwanso, yotchedwa Director's Cut, yopanda mawu a Ford aja, chaka chotsatira Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America, inaisankha kuti isungidwe ngati chuma cha dziko la America, ndipo mu 2007 Scott anatulutsa The Final Cut. Ngati simunaionerepo, yambani ndi imeneyo, usiku, foni itazimitsidwa.

Sabata yamawa tikamba za Tron, nayonso ya 1982. Tionana!