Mwapeza telesikopu yamkuwa m'bokosi la agogo? Musaikweche kaye

[Pakhonde, ku Nkhotakota. Matelesikopu awiri agonekedwa pachitenje.]

Moni nonse, takulandirani. Patebulopa pali matelesikopu awiri, zida zoonera zinthu zakutali. Iyi ikuwala mbee, inayi yathimbirira ndipo chikopa chake chayamba kusendeka. Nditati musankhe yamtengo wapatali, ambiri muloza yowalayi. Mwaphonya. Yowalayi ndi yadzanadzanali, anaipangira kukongoletsa pabalaza. Yothimbirirayi ndiye yakale, ndipo tabwereka ku banja lina la konkuno lomwe lakhala likuisunga m'bokosi la malata.

Mwina mukudabwa kuti chida chotere chinafika bwanji kunyanja kuno. Chinabwera ndi sitima. Ilala yoyamba inayamba kuyenda panyanjayi mu 1875, Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901, ndipo Guendolen ndi ija inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, mu Ogasiti 1914. Woyendetsa sitima masiku amenewo sankasiyana ndi telesikopu, poti ndi imene ankaonera miyala, doko ndi mbendera za anzake. Amishoni ndi mabwana a boma la atsamunda nawonso ankakhala nazo, ndipo zina zinatsalira m'manja mwa agogo athu amene ankagwira ntchito m'sitimamo ndi m'nyumba zawo.

Koma chonde, tisafulumire kunena kuti inali ya Livingstone. N'zoona anakumana ndi Jumbe pansi pa mtengo kuno ku Nkhotakota, koma katundu yense amene anthu amati ndi wake atamuunjika pamodzi, bamboyo akanafunika sitima zitatu. Popanda kalata kapena chithunzi chotsimikizira, imeneyo ndi nkhani yocheza chabe.

[Kamera iyandikire manja.]

Choyamba tengani maginito, ngakhale ochotsa ku sipika yakufa. Mkuwa wachikasuwu ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo sugwira maginito. Akamata, dziwani kuti ndi chitsulo wamba chongokutidwa kunja. Akapanda kumata musasangalale msanga, chifukwa zambiri zachinyengo nazo n'zamkuwa weniweni.

Kenako kokani mapaipi onse mufufuze dzina. Kawirikawiri limakhala pa paipi yaing'ono, pafupi ndi poika diso. Pa yowalayi palembedwa kuti Kelvin & Hughes London 1917. Zikumveka zaulemu, eti? Vuto lake n'lakuti kampani ya dzina limeneli inapangidwa mu 1947, makampani awiri ataphatikizana. Ingalembe bwanji dzina lake zaka 30 isanabadwe? Zolembedwa chonchi zadzaza m'mashopu a alendo padziko lonse. Mayina odziwika a ku London ndi monga Dollond, Ross, Troughton & Simms, ndi Negretti & Zambra amene anayamba mu 1850. Komabe dzina palokha si umboni. La Dollond linkabedwa kuyambira kalekale, ena n'kumalemba dala kuti Dolland. Yang'anani kalembedwe. Mmisiri wakale ankazokota ndi dzanja, ndiye mzere umayamba wopyapyala, n'kunenepa, n'kupyapyalanso. Zilembo zamakina zimangofanana kuya paliponse. Mukaona kachizindikiro ka muvi wa mizere itatu, ndiye kuti chidacho chinali katundu wa boma la Britain, mwina cha asilikali.

Yathu yakaleyi ilibe dzina n'komwe, ndipo zimenezo sizikundidetsa nkhawa. Zambiri zinkagulitsidwa choncho. Ili ndi maumboni ena. Onani kamzere kowongoka kakuyenda m'litali mwa paipimu: apa ndi pamene analumikiza chipepala cha mkuwa atachipinda. Masikuluwu ake ali ndi mpata umodzi wowongoka, pomwe a mtanda aja anabwera m'ma 1930. Ndiye pendeketsani galasi lakutsogolo pakuwala. Likamaonetsa mtundu wa buluu kapena wofiirira, linapakidwa mankhwala ochepetsa kunyezimira, luso limene linafala kuyambira m'ma 1940. Ili likungooneka loyera ngati madzi.

Galasi lakutsogololi ndiye mtima wa chida chonse, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Matelesikopu oyambirira, kuchokera pa ya Hans Lipperhey ya mu 1608 ku Netherlands, anali ndi galasi limodzi kutsogolo, ndipo chilichonse chowala chinkaoneka ndi mphonje za utawaleza m'mbali. Mu 1758 John Dollond anapatsidwa umwini wa njira yophatikiza magalasi awiri osiyana mtundu, crown ndi flint. Lina limapatula mitundu ya kuwala, linzake n'kuibweza pamodzi. Choncho chimene mukuchiona ngati galasi limodzi nthawi zambiri ndi awiri ogundana. Ena anawamata ndi utomoni wa mtengo wotchedwa Canada balsam, ena anangowasanjikiza. Mukawatulutsa n'kubwezera limodzi chagada, telesikopu yonse iona mwachimbuuzi, inu n'kumati yafa pomwe mwaisokoneza nokha.

Kumbuyo kuno, m'paipi yaing'onoyi, mumakhala timagalasi tina, kawirikawiri tinayi. Ntchito ya tina mwa timeneti ndi kutembenuza chithunzi kuti bwato lisaoneke chadodolido. Mukaona zinthu zazondoka, mwina tina tinasowa, mwinanso ndi telesikopu yoonera nyenyezi, imene imaonetsa choncho mwachibadwa.

[Patebulo: thonje, burashi yofewa, madzi a m'botolo, sopo, pensulo, timitengo ta nsungwi.]

Tsopano kukonza. Taonani zimene palibe patebulopa. Palibe mchenga, palibe phulusa, palibe sitiliwulu, palibe mandimu ndi mchere. Kwathu kuno chitsulo chosawala timachiona ngati cha munthu waulesi, ndiye dzanja limayabwa. Komatu iyi si poto wa nsima. Amisiri akale akamaliza kusalaza mkuwa ankaupaka vanishi wopyapyala wa shellac, ndipo mtundu wagolide wakuda mukuuona apawu ndi vanishi ameneyo. Akatsalako ngakhale theka, odziwa zinthu zakale amamuwerengera kwambiri kuposa kuwala. Mukamukwecha sabwereranso, ndipo zilembo zimafufutika naye limodzi. Polishi wa mkuwa wa m'sitolo nayenso ndimamukana. Amadya chitsulo pang'onopang'ono, amasiya zoyera m'mipata, ndipo wambiri amakhala ndi amoniya, amene amatha kung'ambitsa mkuwa wopyapyala ngati wa mapaipiwa.

Musanamasule kalikonse jambulani ndi foni, ndipo muzijambulanso pa chilichonse mwachotsa. Masulani ndi manja okha. Mazinga ake ndi osalala kwambiri, pulayala imangowaphwanya. Pakakana, pasiyeni. Galasi likatuluka, lembani kamuvi ndi pensulo m'mphepete mwake, koloza kutsogolo, kodutsa magalasi onse awiri.

Galasi muyambe mwaliuzira fumbi ndi kampira kopopera, kenako burashi yofewa. Mchenga wa kunyanja kuno ndi woopsa, kambewu kamodzi kokha pansi pa nsalu kamasiya mzere mpaka kalekale. Mukatero nyowetsani thonje m'madzi a distilled, aja othira m'batire la galimoto, osati asidi, muli kadontho ka sopo. Pukutani kamodzi kuchokera pakati kupita kunja, tayani thonjelo, tengani lina. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, ndipo chinyezi cha kuno chimaikonda. Sipiriti pang'ono pathonje amaichotsa, koma ngati yadya kale galasi, chipsera chitsala ndithu, muzingoonera momwemo. Sipiritiyo asayandikire mkuwa chifukwa amasungunula shellac nthawi yomweyo, ndiponso magalasi omatidwa aja musawaviike m'chilichonse.

M'kati mwa mapaipi mupeza mwakuda bii. Si litsiro ayi, anadetsamo dala kuti kuwala kusamanjanje. Uziranimo basi.

Mkuwa wakunja upukuteni ndi nsalu yonyowa pang'ono m'madzi a sopo, n'kuumitsa pompo. Dzimbiri lobiriwira lokhalo ndi limene tilimbane nalo, poti limapitiriza kudya chitsulo, makamaka pamene chikopa chakhudzana ndi mkuwa. Likokoteni mofatsa ndi kamtengo ka nsungwi, ndipo musambe m'manja mukamaliza chifukwa ndi poizoni. Pomaliza pakani phula lopanda mtundu, pang'ono kwambiri. Osunga zakale amagwiritsa ntchito lotchedwa Renaissance Wax, limene linapangidwira ku British Museum.

Mapaipi akamalimba pokoka, osathira girisi kapena mafuta ophikira, amenewo amangoitana fumbi. Polumikizira pena pamakhala kansalu kopyapyala, ndipo kakatha mutha kuikapo kena. Pobonyoka pasiyeni, pokhapokha ngati pakutsekereza paipi. Chikopa chosendekachi tingochibwezera ndi guluu wa matabwa pang'ono, polishi wa nsapato ayi.

[Kugombe. Wolankhula akuloza telesikopu ku bwato la asodzi.]

Kokani mapaipi onse, kenako bwezani yaing'onoyi pang'onopang'ono mpaka chithunzi chigwire. Eya, ndi amenewo, anthu atatu ndi ukonde wawo. Chenjezo ili likhale la ana m'nyumba monse: telesikopu saloza nayo dzuwa, ngakhale kamphindi. Diso limapsa osamva kuwawa, ndipo silichira.

Posunga, isakhale m'pulasitiki kapena pansi pa bedi. Ikulungeni m'nsalu youma, muike pamalo opita mphepo, pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Anyamata ogula zitsulo zakutha akafika ndi sikelo yawo, auzeni adutse, chifukwa iwo aiyeza pa kilo n'kukaisungunula. Mlendo akafuna kuigula kuti apite nayo kunja, kumbukirani kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinthu zakale. Yambani mwafunsa a nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale, ku Chichiri mu Blantyre kapena ku Lake Malawi Museum ku Mangochi, mutatenga zithunzi zija munajambula pomasula.

Mu vidiyo yotsatira tidzasoka chikwama chake chachikopa, chimene chiswe chinadya mbali imodzi.