Makalata Anu: In Space ndi Kubweranso kwa Big Star

Takulandirani nonse ku gawo la makalata anu. Sabata yatha tinakuimbirani In Space, chimbale chimene gulu la Big Star la ku Memphis, m'dziko la America, linatulutsa mu 2005 litatha zaka pafupifupi 30 osajambula chimbale cha nyimbo zatsopano. Oyambitsa gululi anali anayi: Alex Chilton, Chris Bell, Andy Hummel ndi Jody Stephens. Pakatipakati tinkaponyamo nyimbo zawo za m'ma 1970 kuti khutu lanu liyerekeze lokha. Mwayankha ndithu, ndipo makalata ena afika akutentha. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni, mumzinda wa Blantyre.

"Okondedwa aulutsi, ndikhulupirira muli bwino. Ine Big Star ndinaidziwa ndili pasukulu ku Glasgow m'zaka za m'ma 1990, anzanga a kumeneko atandibwereka CD imene inali ndi zimbale ziwiri zoyambirira pamodzi. Nyimbo zimenezi zinandisunga m'nyengo yozizira ndili kutali ndi kwathu. Ndiye ndikuuzeni mosapita m'mbali: chimene mwatiimbirachi si Big Star ayi. Chris Bell anamwalira kalekale, Andy Hummel palibepo, ndipo awiri mwa oimbawo ndi anyamata obwereka ku gulu lina. Nyimbo ija ya Love Revolution itayamba ndinachita kutsitsa wailesi ndi manyazi. Analekeranji kudzipatsa dzina lina, dzina labwino lija n'kulisiya lipume?"

Zikomo bambo. Mkwiyo wanuwu ndaumva, ndipo ndikudziwa kuti gwero lake ndi chikondi. Pena ndigwirizana nanu. In Space sichifika pa Radio City, chimbale chawo chachiwiri, ndipo amene angakuuzeni kuti chimafika akukunamizani. Nyimbo zambiri ankazipekera mu situdiyo momwemo n'kuzijambula mwachangu, moti zina zimachita kumveka kuti zinaphulidwa pamoto zisanapse.

Koma pa nkhani ya dzina ndikutsutsani. Chris Bell anachoka m'gululi kumapeto kwa 1972, chimbale choyamba chitangotuluka. Radio City cha mu 1974, chimene inu mumachikonda, anachijambula ali atatu. Pofika pa chachitatu, chimene Jim Dickinson anayang'anira kajambulidwe kake, Hummel nayenso anali atachoka, kunatsala Alex Chilton ndi woimba ng'oma Jody Stephens, ena onse anali oitanidwa. Awiri omwewo ndi amene ali pa In Space, mu situdiyo yomweyo ya Ardent. Ngati dzinali linkawayenera mu 1974, anawalanda ndani mu 2005? Kunena za obwerekawo, Jon Auer ndi Ken Stringfellow a gulu la The Posies, iwowa anayamba kuimba ndi Big Star mu 1993. Chimbalechi pamene chinkatuluka n'kuti atatha zaka 12 m'gululi, pamene Big Star yoyamba ija moyo wake wonse sunapitirire zaka zinayi.

Love Revolution nanenso si nyimbo imene ndimaithamangira. Komabe ndimadziwa kumene ikuchokera. Chilton anakulira mu Memphis, mudzi wa nyimbo za soul, bambo ake ali woimba jazi. Ali ndi zaka 16 zokha, mu 1967, mawu ake okhuthala anakweza The Letter ya gulu la Box Tops kufika pa nambala wani mu America monse. Zimbale zimene ankatulutsa payekha kuyambira m'ma 1980 n'zodzaza ndi nyimbo zovinika za makedzana zimene iye ankazikonda. Mu 2005 anali bambo wa zaka 54. Akanati aimbe ngati mnyamata amene wangokanidwa kumene ndi chibwenzi choyamba, likanakhala bodza, ndipo inuyo bambo mukanakhala woyamba kuligwira. Iye anakana kudzitsanzira yekha, ndipo ine pamenepo ndimamupatsa ulemu. Mukapeza mpata mumvetserenso Lady Sweet, imene amatsogolera Auer. Mawu akamakwera pamodzi pa korasi, mudzaimva Big Star yanu ija.

Kalata yachiwiri yabwera pa WhatsApp kuchokera kwa mtsikana amene akuti ali pasukulu ya ukachenjede ku Zomba.

"Amalume a pa wailesi, ine ndinabadwa chimbalechi chitatuluka kale, ndipo gululi ndalimva koyamba kwa inu. Turn My Back on the Sun yandisangalatsa kwambiri. Mafunso ndili nawo awiri. Power pop mumanenayi ndi nyimbo zotani kwenikweni? Nanga ngati anthuwa anali akatswiri chonchi, bwanji ngakhale bambo anga, amene amasunga zimbale zakale zambirimbiri, sakuwadziwa?"

Mwana wanga, wafunsa bwino. Ndi nyimbo zazifupi, mphindi zitatu kapena kuposerapo pang'ono, magitala olira mwamphamvu koma momveka bwino, anthu awiri kapena atatu akuphatikiza mawu, ndi korasi yoti ukaimva kawiri wayamba kale kuing'ung'udza. Muzu wake ndi The Beatles, The Who, The Kinks ndi The Byrds. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 magulu ambiri a rock anali atayamba nyimbo zitalizitali, woimba gitala akudzionetsa yekha mphindi khumi. Magulu monga Raspberries a ku Cleveland, Badfinger a ku Britain ndi Big Star anati ayi, tibwerere ku nyimbo yaifupi yokhala ndi mtima. Pambuyo pake kunabwera Cheap Trick ndi The Knack.

Funso lako lachiwiri ndilo limandipweteka, chifukwa yankho lake silikhudza luso. Bambo ako usawaone kuperewera, ngakhale anthu a ku America a nthawi imeneyo sankawadziwa. Anyamatawa anatenga dzina lawo pa golosale ya Big Star imene inali tsidya la msewu moyang'anizana ndi situdiyo, ndipo chimbale choyamba anachitcha #1 Record. Olemba nkhani za nyimbo anachiyamikira kwambiri. Koma amene ankayenera kuchifikitsa m'masitolo anali kampani ya Stax, imene inazolowera kugulitsa nyimbo za soul ndipo njira zofikira okonda rock sinkazidziwa bwino. Munthu ankamva nyimbo pa wailesi, mawa lake n'kupita kusitolo ndalama ili m'manja, wogulitsa n'kufufuza m'mashelefu osapeza kanthu. Makope amene anagulidwa sanakwane ngakhale 10,000. Bell, amene anathira mtima wake wonse pa chimbalechi, usiku ndi usiku akukonza kamvekedwe kake, zinamusweratu mtima, ndipo mpamene anachoka.

Mu 1973 olemba nkhani za nyimbo anasonkhana ku Memphis, atatu otsalawo anawaimbira, anthu anavina, ndipo gululi linalimba mtima n'kujambula Radio City. Nthawi imeneyo Stax inali itapangana ndi kampani ya Columbia kuti ndiyo izigawa zimbale zake. Clive Davis, mkulu wa Columbia amene anapanga mgwirizanowo, anachotsedwa ntchito mu 1973, makampani awiriwa anayamba kukokana, ndipo Radio City chinafera pakati. Stax yeniyeniyo inagwa ndi ngongole mu 1975. Chimbale chachitatu chinakhala m'kabati mpaka 1978. Chaka chomwecho, pa 27 December, Bell anamwalira galimoto yake itawomba mtengo wa magetsi ku Memphis. Anali ndi zaka 27.

Tsono nyimbozo zinayamba kuyenda zokha, kuchoka m'manja mwa uyu kupita kwa uyo. A gulu la R.E.M. ankazitchula akamafunsidwa za aphunzitsi awo. The Bangles anaimbanso September Gurls mu 1986. The Replacements anapeka nyimbo n'kuitcha dzina la Alex Chilton mu 1987. Ku Scotland, Teenage Fanclub anamangira maimbidwe awo pamenepo. Pofika 2003, magazini ya Rolling Stone inaika zimbale zonse zitatu pa mndandanda wake wa zimbale 500 zopambana. N'chifukwa chake ndikamamvera In Space sindiiwala kuti ichi ndi chimbale choyamba cha nyimbo zatsopano za Big Star chimene chinatuluka anthu akuchidikirira, gulu lilipo, ndipo wochifuna ankachipeza m'sitolo.

Achimwene ena alemba kuchokera ku Chileka, ndipo kalata yawo ndi yaifupi.

"Aulutsi, nkhani ya Big Star yandikumbutsa kwathu kuno. Evison Matafale atamwalira mu 2001, ena ankati Black Missionaries yatha. Musamude Fumulani atatisiya mu 2007 ananenanso chimodzimodzi. Koma Mablacks alipo mpaka lero. Ine ndikuti gulu silifa bola otsala akuimba ndi mtima woona."

Achimwene, pa mfundo yoti imfa ya mmodzi sitseka pakamwa pa otsala, tili pamodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti Mablacks sanaime, ndipo anthu awo anali nawo kuyambira pachiyambi, maliro analira nawo limodzi. Big Star inatha popanda woilira, n'kukhala chete zaka 18 isanakwerenso pansanja. Pobwerera anapeza khamu la anthu amene anawadziwira pa zimbale zokha, aliyense ali ndi Big Star yakeyake m'mutu. Kukhutiritsa anthu otere n'kovuta kuposa kukhutiritsa amene akhala akukuona chaka ndi chaka ukusintha pang'onopang'ono.

Tsopano uthenga wochokera ku Johannesburg, kwa bambo amene akuti amatimvera pa intaneti akaweruka kuntchito.

"Ine magulu obwererawa sindiwakhulupirira. Akaona kuti m'thumba mwauma, amapukuta fumbi pa gitala n'kuyamba kutiuza kuti atisowa. Kodi awanso si ndalama chabe?"

Bambo, alipo ndithu magulu otero. Koma taonani mmene awa anabwererera. Sanaitanidwe ndi kampani kapena munthu wachuma. Anali ana a sukulu a pa wailesi yaing'ono ya KCOU, ku University of Missouri mumzinda wa Columbia, amene anayesa mwayi n'kupempha Chilton ndi Stephens kuti adzaimbe pa chisangalalo cha pasukulupo. Chilton, amene kwa zaka zambiri ankazemba nkhani ya Big Star ndipo sankabisa kuti zimbalezo saziona ngati zodabwitsa, anavomera. Anaimba pa 25 April 1993. Munthu wothamangira ndalama akanalowa mu situdiyo chaka chomwecho moto usanazime. Awa anadikira zaka zoposa khumi asanajambule chimbale chatsopano, ndipo atalowa, pakati pa nyimbo 12 anaikapo Aria, Largo, nyimbo yopanda mawu ya Georg Muffat, wopeka nyimbo wa zaka za m'ma 1600. Wofuna kugulitsa satero.

Ndiwonjezere ichi. Ngakhale akanabwerera chifukwa cha ndalama, ine sindikanawaweruza. Chilton atasamukira ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anatsukapo mbale m'malo odyera ndi kudula nthambi za mitengo kuti apeze chakudya, nthawi yomweyo anyamata ena akuphunzira gitala pa nyimbo zake. Ndalama zooneka zinayamba kumufika pamene nyimbo ya Big Star ya In the Street inasanduka nyimbo yotsegulira sewero la pa kanema la That '70s Show, limene linayamba mu 1998. Woimba ndi wantchito, ndipo ngati ntchito yake inachedwa kumulipira zaka 25, akalandira si kuba. In Space chinatuluka mu September 2005, patangopita milungu yochepa mphepo ya mkuntho ya Katrina itamiza New Orleans. Chilton anali m'gulu la anthu amene anatsekeredwa m'nyumba zawo masiku angapo asanapulumutsidwe.

Yomaliza lero ndi ya mayi wina wa ku Mchinji.

"Ndikupatsani moni nonse a pa wailesi. Zokangana za dzina ine sindilowamo. Nyimbo imene inandikhudza ndi yofatsa ija munati amaimba woimba ng'oma. Kodi azibambowa adakali moyo, ndipo anatulutsanso china? Chonde mundiikirenso nyimboyo, amuna anga sanaimve."

Zikomo mayi. Chimbale china cha nyimbo zatsopano sichinabwerenso. Alex Chilton anamwalira ndi matenda a mtima pa 17 March 2010 ku New Orleans ali ndi zaka 59, kutatsala masiku atatu kuti gululi likaimbe ku chikondwerero cha South by Southwest mumzinda wa Austin. Anzake sanalepheretse tsikulo, analisandutsa lomukumbukira, ndipo Andy Hummel, amene anasiya zoimba kalekale n'kukhala injiniya, anakwera nawo pansanja. Nayenso anamwalira ndi khansa mu July chaka chomwecho. Mwa anayi oyamba aja watsala Jody Stephens yekha. Iyeyu wagwira ntchito zaka zambiri pa situdiyo ya Ardent, ndipo anayambitsa gulu lina la anthu awiri, Those Pretty Wrongs, pamodzi ndi Luther Russell.

Nyimbo mukunenayo ndi February's Quiet. Stephens alibe mawu amphamvu ngati a Chilton, amaimba motsitsa ndi mosadzikometsera, ndipo kwa ine ndi nyimbo yabwino koposa pa chimbale chonsechi. Bambo a ku Chilomoni, ulendo uno wailesi musatsitse. Mayi, aitaneni bambowo akhale pafupi, nyimbo yanu ndi iyi.