Ukupalasa njinga kwambiri koma thupi likukana kubwera? Tiwerengere limodzi

Moni moni anzanga a njinga, takulandiraninso. Lero ndikuyankhula ndi owonda aja, inu amene Loweruka mumadzuka kusanache kuchoka ku Blantyre mpaka ku Zomba n'kubwerera tsiku lomwelo koma lamba wa buluku mwachita kubowola mabowo ena. Kunyumba achemwali akufunsa kuti achimwene kodi simukudwala, inu mukuti ayi ine ndimadya kwambiri. Ndipo mukunena zoona, mumadyadi, kungoti njingayo ikudya kuposa inuyo.

[Pa sikirini: pepala ndi cholembera]

Tiyerekeze munthu wa makilo 60. Asanakwere n'komwe njinga, kungokhala moyo, kupita kuntchito, kuyendayenda, thupi lake likufuna ma calorie, muyezo wa mphamvu ya m'chakudya, cha m'ma 2,200 patsiku. Akakwera njinga n'kumapalasa mwamphamvu ndithu, pa ola limodzi akuotcha cha m'ma 500, pokwera phiri ngati la Zomba kupita ku Chawe ndiye kuposa pamenepo. Maola atatu ndi 1,500. Phatikizani, 3,700. Kuti thupi liyambe kubwera pakufunika kuwonjezeraponso 300 mpaka 500 pamwamba, ndiye tikukamba za 4,000 n'kupitirira. Anthu a Tour de France aja, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, amadya kuposa 5,000 patsiku koma onani mmene alili, nthiti kuwerengeka.

Apa ndi pamene nsima imatipusitsa. Nsima ndi yabwino, musaisiye, koma mbali yaikulu ndi madzi, mimba imadzaza msanga mphamvu zisanakwane. Mitanda itatu ndi chisoso kapena mpiru wongowiritsa, wakhuta mpaka kupuma movutikira koma masamu aja sanafike. Chinanso, ukapalasa kwambiri makamaka dzuwa la Okutobala lija, chilakolako cha chakudya chimathawa kaye, umafika kunyumba n'kungomwa madzi n'kugona, kudzuka madzulo wadumpha nkhomaliro yonse.

Ndiye choyamba, idyani muli panjinga pompo. Ulendo ukapitirira ola ndi theka, ola lililonse muzilowetsa magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zopatsa mphamvu. Nthochi imodzi yaikulu bwino ili ndi pafupifupi 25. Ine m'thumba la jezi kumbuyoku mumakhala nthochi ziwiri, mbatata yootcha yokulunga mupepala ndi chigumu, ndipo ndikafika pa Namadzi ndimaima ndithu kugula thobwa kaya njala ndikuimva kaya ayi. Mukadikira kuti njala ikupwetekeni ndiye kuti mwachedwa kale, miyendo yayamba kunjenjemera.

[Pa sikirini: mbale ya mtedza, botolo la chiponde, peyala]

Chachiwiri, ndipo apa ndichedwepo, sankhani zakudya zochepa m'mbale koma zolemera. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi ma calorie 9 pomwe ya ufa kapena shuga ili ndi 4 basi. Mtedza magalamu 100, tinene manja atatu odzaza, uli ndi ma calorie oposa 550 komanso mapuloteni pafupifupi magalamu 25, ndipo mimba siimva kulemedwa ngati mtanda wachinayi wa nsima. Ndiye masamba aja tendererani nsinjiro zambiri, mbatata pangani futali, phala la m'mawa ikani masupuni awiri a chiponde ndi mkaka. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ndi ma calorie 120, kuithira mu nyemba simuzindikira n'komwe. Nyengo ya mapeyala ndiye musaphonye, peyala limodzi ndi buledi pa 10 koloko. Zakumwanso zimalowa mosavuta pamene kutafuna kukukanika, chambiko kapena mkaka wosakaniza nthochi ndi chiponde mukangotsika panjinga. M'malo modya katatu, idyani kasanu.

Mapuloteni, muziyesetsa magalamu 1.6 pa kilo iliyonse ya thupi lanu, wa makilo 60 uja ndi 96 patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6, ndiye mazira okha simufika, phatikizani usipa, matemba, nyemba, soya pisesi, ndipo muzigawa pa chakudya chilichonse osati zonse usiku.

Koma kudya kokha kukupatsani kamimba pamwamba pa miyendo yoonda yomweyo. Kuti mnofu ubwere thupi liyenera kunyamula zolemera kawiri kapena katatu pasabata, ma squat (kunjuta n'kuimirira mobwerezabwereza), ma push up, kudzikoka pa nthambi ya mtengo wa mango, kunyamula zigubu za malita 20. Izi zimathandizanso mafupa chifukwa panjinga thupi limakhala pachishalo, mafupa sagwira ntchito yonyamula, ndipo opalasa ambiri amene sadya mokwanira mafupa awo amafooka. Tsiku limodzi kapena awiri pasabata njinga muiimike pakhoma ipume.

Sikelo kwerani kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, sikelo yomweyomweyo. Kota kilo mpaka hafu kilo pasabata ndi bwino kwambiri. Pakatha masabata awiri singano isanasunthe onjezani dzanja lina la mtedza. Mukafika pomwe mumafuna musasiye zonse nthawi imodzi, ndipo sabata imene mwawonjezera makilomita mbalenso ikule.

Mapilisi onenepetsa ogulitsa pamsika aja chonde ayi. Ena amagonetsa tulo, ndipo tulo pamsewu wa M3 pakati pa ma minibasi ndi ngozi, enanso amangotupitsa nkhope ndi madzi. Ndipo ngati mukudya bwino koma mukuwondabe, mukutsokomola masabata awiri, thukuta usiku, ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, kapena m'mimba mosasiya, njinga isiyeni kaye mupite kuchipatala akakuyezeni TB, shuga, HIV ndi njoka za m'mimba.

Sabata yamawa tilowa kukhitchini, ndidzakuonetsani mmene ndimapangira futali wonyamula panjinga osaphwanyika m'thumba. Tionana.