Kusoka chimake cha chikopa cha mfuti yaing'ono

[Kamera ili pa tebulo: chikopa, mpeni, singano ziwiri, ulusi]

Takulandirani kuno ku Mangochi. Lero tikusoka chimake cha mfuti yaing'ono, chomangirira pa lamba. Mfuti imafuna chiphaso cha boma, ndiye ngati mwini wake sangabwere nayo, semani thabwa lofanana nayo muyeso, muumbirepo.

Ntchito yonse yagona pa chikopa. Pezani cha ng'ombe, chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chochindikala mamilimita 3 kapena 3.5. Cha mbuzi n'chosavuta kupeza kuno, koma n'chopyapyala, chimapinda. Chofewa chija cha majekete ndi mipando chisiyeni: chimafufutidwa ndi mankhwala a chrome, sichiumbika, ndipo chimatha kuchititsa chitsulo dzimbiri. Mukakayikira, dulani kachidutswa. Mkati mukaoneka motuwa mobiriwira, si chimenecho.

[Manja akujambula pa katoni]

Chotsani zipolopolo zonse, muonenso kachiwiri. Pindani katoni pakati, goneketsani msana wa mfuti popindapo, jambulani mozungulira n'kuwonjezera masentimita awiri. Kachitsulo kokhethemulira kabisike konse. Apa palibe zokambirana: kakatsala poyera, nsalu kapena chala chimakodwamo.

Dulani chikopa. Yambani kusoka kolowetsa lamba, chifukwa mukatseka chimake singano sifikanso pamenepo. Kenako pakani guluu wa nsapato mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 10 aume pang'ono, matani. Lembani mzere mamilimita 5 kuchokera m'mphepete, muukumbe pang'ono kuti ulusi ugonemo, usamakhuzike. Mabowo atalikirane mamilimita 4. Ulusi ukhale wopaka phula, singano ku nsonga zonse ziwiri, zizidutsana pa bowo limodzi. Kusoka kotere ulusi ukaduka pamalo amodzi, msoko wonse sumasuka. Pomaliza bwererani mabowo atatu.

[Beseni la madzi]

Apa ndi pamene ambiri amaonongera. Madzi akhale ofunda oti dzanja likupirira. Otentha kwambiri amakwinyitsa chikopa, chimauma gwa ngati fupa, ndipo sichibwereranso. Viikani chimake masekondi 30 basi, chisiyeni mpaka mtundu wake uyambe kubwerera. Kulungani mfuti m'jumbo, ikani pensulo pamsana pake kuti patsale kanjira ka kachitsulo kolozera ka kumphuno, lowetsani. Kanikizani ndi zala, kenako ndi msana wa supuni, makamaka mozungulira pokhethemulira, popeza mpamene chimake chimagwirira. Zikhadabo muziwenge kaye, chikopa chonyowa chimasunga chipsera chilichonse.

Tulutsani mfuti, ipukuteni. Chimake chiumire pamthunzi podutsa mphepo, tsiku lathunthu. Dzuwa la Okutobala la kuno limaumitsa nsomba pathandala, chikopa limachisweratu.

M'mphepete palani ndi sandipepala, nyowetsani pang'ono, khutizani ndi kamtengo kosalala mpaka kunyezimira, pakani phula la njuchi. Mafuta pakani ochepetsetsa, kamodzi, kunja kokha. Akachuluka chikopa chimafewa n'kutaya maumbidwe ake. Mafuta ophikira ayi, amanunkha pakapita nthawi.

Yesani tsopano: lowetsani mfuti yopanda zipolopolo, tembenuzani chimake chadodolido pamwamba pa matiresi. Isagwe, koma izisololoka ndi dzanja limodzi. Ikathina, ikulungeni m'jumbo ziwiri igone momwemo usiku umodzi. Inu a m'mbali mwa nyanja, ku Monkey Bay kapena ku Malombe, musamasungire mfuti m'chimake nthawi ya dzinja: chikopa chimamwa chinyezi, nkhungu imamera mkati, chitsulo n'kuyamba dzimbiri.