Uthenga wa mawu kwa mlamu: kaluke ka shawelo yaikulu ya mitundu iwiri

Mlamu, mwaswera bwanji kumeneko ku Chilenje? Ndamva uthenga wanu woti mukufuna kuwalukira amayi shawelo. Mwaganiza bwino, koma yambani sabata ino, chifukwa Juni sachedwa, ndipo mphepo ya muno mu Lusaka m'mawa mukuidziwa. Ndilankhula pang'onopang'ono, mukhoza kumaimitsa n'kumalemba.

Mukapita ku Kamwala, funsani wulu wa double knitting, uja wonenepa mwapakatikati, mipira ya magalamu 100. Mutenge itatu ya mtundu wowala, monga kirimu, ndi itatu ya mtundu wakuda, kaya maruni kaya bluu wakuda uja amayi amakonda kutchalitchi. Utsalako, koma bola kutsala. Pakapepala ka mpira uliwonse pali nambala ya utoto, ionetsetseni kuti ikufanana. Ine ndinagulapo mpira wina pambuyo pake, m'sitolo unkaoneka chimodzimodzi, koma nditayanika shawelo padzuwa mzere wake unachita kuonekera patali. Singano ikhale ya 4.5 mm, ija yokhala ndi chingwe pakati. Zowongoka zija sizikwana masitichi onse, ndiponso shawelo ikamakula imalemera, mikono imatopa.

Musanayambe, lukani kachidutswa ka masitichi 20, muyeze. Akakwana masentimita 10, zili bwino. Akachepera, ndiye kuti dzanja lanu likumanga kwambiri, tengani singano ya 5 mm. Shawelo imafuna kugwa yokha paphewa, isamaume ngati thumba la chimanga.

Tsono ikani masitichi 121 ndi wulu wakuda. Lukani niti yekhayekha mizere 10, niti ndi sitichi wamba ija timaluka wulu uli kumbuyo kwa singano. Kuchokera apo, masitichi 5 oyambirira ndi 5 omaliza azikhala niti mzere uliwonse mpaka mudzamalize. Awa ndiwo amaletsa m'mphepete kupindika. Apakati otsala ndi 111, ndipo pamenepo ndi pomwe tiziika maluwa athu. Mangani pini kumbali imene mukufuna ikhale kumaso.

Mverani bwino apa, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Mtundu muzisintha pokhapokha pini ikuyang'ana inu, ndipo mzere woyamba wa mtundu watsopano mulukeni niti yense, osaika pelo ngakhale mmodzi, pelo ndi sitichi ija timaluka wulu uli kutsogolo kwa singano. Mukaika pelo, timadontho ta mtundu wakale timatulukira kumaso ngati nsabwe. Mzere wobwerera ndi umene mumayambira luso.

Loyamba ndi la timbewu, ndi wulu wowala. Niti mmodzi, pelo mmodzi, mpaka kumapeto, kuthera pa niti. Potembenuza muyambenso chimodzimodzi. Musamawerenge kwambiri, muziyang'ana: sitichi ikaoneka ngati kachilembo ka V, ipatseni pelo, ikaoneka ngati kamfundo, ipatseni niti. Mukaona mizere yoongoka ikukwera ngati m'khosi mwa juzi, mwaphonya, masulani mzerewo msanga. Pitani nalo masentimita 15. Mukalipapasa ndi chala limamveka ngati mpunga wothira pa lichero, ine ndimalikonda kwambiri.

Kenaka timizere: mizere iwiri wakuda, iwiri wowala, niti yekhayekha, kasanu ndi kamodzi. Apa wulu musadule ayi, muzingoukweza m'mbali, wotsala uja muzimupiringiza ndi mnzake, koma osakoka. Mukakoka, mbali imodzi imafupika, shawelo n'kukhota ngati chikwakwa.

Lachitatu ndi la dengu. Niti atatu, pelo atatu, kuthera pa niti atatu, pakuti 111 amagawika bwino ndi 3. Mizere inayi muzitsata mmene masitichi akuonekera, kenaka musinthanitse, pomwe panali niti pakhale pelo. Ilinso muliike pa wulu wowala. Pa wakuda luso limabisala, mungovutika pachabe. Wakudayo mupatseni zigawo za niti yekhayekha, masentimita 10 kapena kuposerapo, ndipo zimenezo ndi zomwe mungaluke madzulo malaiti akapita, chifukwa zala zimadziwa zokha.

Muzingobwereza choncho mpaka ikwane masentimita 180. Mumalize monga munayambira, mizere 10 ya wakuda, ndipo potseka mugwiritse singano yokulirapo kuti m'mphepete musamange. Timichira ta wulu tisokereni kumbuyo, tilowe mu mtundu wake womwe.

Pochapa, madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osapotokola. Ikulungeni m'thaulo, mufinye, muiyale pamphasa pamthunzi, muiwongole makona. Pachingwe imatalika n'kuonda. Ndipo simbi isayandikire, wulu wathu wambiri ndi wa akiriliki, umasungunuka, timbewu tonse tija n'kuphwatalala osadzukanso.

Mukafika pa timizere tija munditumizire chithunzi pa WhatsApp, ndione m'mbalimo. Kapena Loweruka mukwere basi mubwere nayo kuno ku Matero, tidzaluke limodzi mzere woyamba wa dengu. Moni kwa achimwene ndi ana.