Kalata Yapageti: Kodi Bwana Angakuchotseni Ntchito Osayamba Wakumvani?

[Wofotokoza wakhala patebulo, m'manja muli envulopu]

Moni nonse amene mukutionera, mwaswera bwanji?

Envulopu iyi mulibe kanthu, mtima m'malo. Koma alipo ena mwa inu amene anailandirapo ili ndi kalata m'kati, ndipo mpaka lero akaiona m'mimba mumachita kuti thu.

Tiyerekeze chonchi. Bambo wina ndi wosunga katundu pashopu ya zipangizo zomangira ku Limbe. Wagwirapo zaka 7. Lachisanu madzulo awerenga sitoko, apeza kuti matumba 40 a simenti sakuoneka. Lolemba m'mawa bamboyo atsika minibasi, afika pageti, ndipo mlonda amene amagawana naye chimanga chootcha masiku onse akulephera kumuyang'ana kumaso. "Achimwene, pepani, andiuza kuti ndisakulowetseni. Kalata yanu nayi." Kalatayo ili ndi mizere itatu basi. Ntchito yatha kuyambira lero chifukwa cha kuba, makiyi musiyire mlonda.

Funso langa nali: bwana uja walakwa kapena sanalakwe?

Ndikudziwa yankho la ambiri. Mukuti zitengera ngati simentiyo anabadi. Ndiye pamene pagona nkhani ya lero, chifukwa ku Malawi kuno bwanayo atha kukagwa nawo mlandu ngakhale simentiyo itapezeka kuseri kwa nyumba ya bamboyo.

[Pasikirini: Employment Act, 2000, gawo 57]

Lamulo lalikulu la za ntchito m'dziko muno ndi Employment Act ya chaka cha 2000. Pamwamba pake pali Malamulo Aakulu a dziko a 1994, omwe pagawo 31 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wochitiridwa chilungamo pantchito. Gawo 57 la Employment Act limafuna zinthu ziwiri munthu asanachotsedwe.

Choyamba ndi chifukwa chomveka. Chifukwacho chikhale chokhudza khalidwe la munthuyo, kapena kulephera kwake kugwira ntchitoyo, kapena mmene kampani ikuyendera, monga pamene bizinesi yalowa pansi ndipo malo ena a ntchito akutsekedwa. Gawo lomwelo limatchulanso zifukwa zosaloledwa n'komwe: mtundu wa munthu, chipembedzo, chipani chimene amakonda, kuti ndi wamkazi kapena wamwamuna, ulumali, kujomba masiku ochepa chifukwa cha matenda, kulowa yuniyoni, kapena kukadandaula za bwana kuboma. Apa sindichedwapo, mabwana ambiri izi amazidziwa.

Chachiwiri ndiye chimene chimawapunthwitsa. Ngati nkhani ili ya khalidwe kapena ya kagwiridwe ka ntchito, munthuyo apatsidwe mpata woyankhapo pa zimene akumunenezazo chigamulo chisanaperekedwe. Mvetsani bwino, chisanaperekedwe. Kumuitana Lachitatu kudzamufunsa mbali yake pamene kalata yomuchotsa inalembedwa kale Lolemba, kumeneko n'kumunamiza munthu ngati mwana.

Izitu si zachilendo kwa ife. Kumudzi, ng'ombe ikadya chimanga cha eni, amfumu sagamula atangomva mwini munda yekha. Amatuma munthu kukaitana mwini ng'ombe, onse akhale pabwalo, nduna zifunse mafunso. Mwina mwini ng'ombe anena kuti patsikulo khola linali chitsekere ndipo ng'ombe yodya chimangayo ndi ya mlamu wake. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene amadziwa bwino mwambo wapabwalo, akangokhala pampando wozungulira muofesi, amaiwala zonse.

Tibwerere kwa bambo wathu wa simenti. Akanamufunsa, mwina akananena kuti Lachinayi manejala anatulutsa matumba 40 kupita nawo kusaiti ina kwa Chigumula, akuti mapepala tilemba mawa. Mwina akanaonetsa meseji ya pa WhatsApp yotsimikiza zimenezo. Mwinanso akanasowa chonena n'kuvomera. Palibe amene akudziwa, chifukwa sanafunsidwe.

[Pasikirini: tebulo, mipando inayi, kope ndi cholembera]

Nanga kumumva munthu kumayenda bwanji? Lamulo silinayale ndondomeko yonse mzere ndi mzere, koma a HR (oyang'anira nkhani za antchito pakampani) odziwa ntchito yawo amachita chonchi, ndipo akukhoti amayang'ananso zomwezi.

Munthu amalandira kalata yonena mlandu wake momveka. Osati kungolemba kuti "khalidwe loipa" ayi. Kalata inene kuti tsiku lakutilakuti, matumba 40 a simenti amene anali m'manja mwanu sanapezeke. Apatsidwe masiku oti akonzekere, osati kumuitana nthawi ya nkhomaliro n'kumuuza kuti mlandu uyamba 2 koloko. Aone umboni umene kampani ili nawo, makadi a sitoko, mabuku apageti, ndipo ngati pali mboni, aloledwe kuzifunsa mafunso pamaso. Makampani ambiri amalola kuti abwere ndi mnzake wapantchito kapena wa yuniyoni, ndipo n'zothandiza, chifukwa munthu akagwidwa ndi mantha amaiwala ngakhale tsiku limene anabadwa.

Pali kanthu kena kamene m'makampani ang'onoang'ono kamavuta kwambiri. Wodandaula asakhalenso woweruza. Ngati manejala ndiye akuti simenti yabedwa, iyeyo akhale mboni, ndipo pampando pakhale munthu wina. Ndikudziwa kuti pashopu ya anthu 12 kupeza munthu wopanda mbali n'kovuta, koma mutha kuitana wa kunthambi ina kapena kubwereka munthu wodziwa za HR kwa tsiku limodzi. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi imene nditchule posachedwapa.

Ndipo zonse zilembedwe. Ndani analipo, anafunsa chiyani, munthuyo anayankha chiyani, asayine onse. Kenako chigamulo chibwere m'kalata, chifukwa chake chili pomwepo.

Wina anena kuti, koma lamulo lomwelo limalola kuchotsa munthu nthawi yomweyo akalakwitsa kwambiri. Zoona, ndi gawo 59. Limatchula kulakwa kwakukulu, kunyalanyaza ntchito mobwerezabwereza, kukana dala kumvera malangizo oyenera, kujomba popanda chilolezo kapena chifukwa, ndiponso kunama kuti uli ndi luso limene ulibe. Koma chimene gawo limeneli likumuchotsera munthu ndi notisi. Wolandira malipiro pamwezi amayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi, kapena malipiro a mwezi m'malo mwa notisiyo, ndipo wolakwa kwambiri ameneyu sapatsidwa zimenezo. Mpata woyankhapo uja uli pomwepo, sunachoke. Ngati mukuopa kuti munthu akapitiriza kulowa musitolo asokoneza umboni, muimitseni kaye ntchito kafukufuku ali m'kati, kenako mumuitane.

Pajatu kuchotsa si chilango chokhacho. Gawo 56 limatchula kalata ya chenjezo, kuimitsidwa ntchito, ndi kutsitsidwa paudindo. Munthu wa zaka 7 wopanda chenjezo ngakhale limodzi mufailo, akachedwa kawiri chifukwa mvula yagwetsa mlatho, sangalandire chilango chofanana ndi cha wakuba. Gawo lomweli limaletsa bwana kulipiritsa wantchito chindapusa. Atha kusamulipira masiku amene wajomba popanda chifukwa, athanso kudula mtengo wa katundu amene munthuyo waononga, koma zija zoti "aliyense wochedwa tidula K5,000" lamulo silizivomereza, ngakhale zitamatidwa pakhoma ndi sitampu ya kampani.

[Wofotokoza asendera pafupi ndi kamera]

Tsopano mabwana, tcherani khutu apa. Gawo 61 limati nkhani ikafika kukhoti, amene ayenera kuonetsa chifukwa chochotsera munthu ndi wolemba ntchito. Si wochotsedwayo amene akatsimikize kuti sanabe. Ndinuyo mukaonetse chifukwa, ndipo mukalephera, khoti limangotenga kuti munamuchotsa mopanda chilungamo. Kuwonjezera apo mukaonetsenso kuti munachita zinthu mwachilungamo. Ndiye taganizani, mlandu wafika patapita zaka ziwiri, manejala uja anasamukira ku Johannesburg, mlonda anabwerera kumudzi, mufailo muli kalata ya mizere itatu ija yokha. Mukanena chiyani?

N'chifukwa chake ine ndimati ntchito yeniyeni ya HR siioneka tsiku la phwando la Khirisimasi. Imaoneka Lolemba lija, bwana atakwiya, akumenya tebulo kuti munthu ameneyu ndisamuonenso pano. Wa HR wamantha amathamangira kukataipa kalata. Wa HR wodziwa ntchito amati, "Bwana, ndamva, koma tipatseni sabata imodzi tichite mwadongosolo." Ndipo inu antchito, musadzinamize kuti wa HR ndi mbale wanu. Malipiro ake amachokera kukampani. Kungoti akamateteza kampani m'njira yoyenera, nanunso mumapulumukirapo.

Pali kachenjerero kena kamene ndiyenera kukatchula. Amakuitanirani muofesi, chitseko n'kutseka, n'kukuuzani mokoma kuti, "Kuti dzina lanu lisaipe, lembani nokha kalata yosiya ntchito, apo ayi tiitana apolisi." Anthu ambiri amalemba pomwepo, manja akunjenjemera. Lamulo pagawo 60 limazindikira kuti munthu atha kusiya ntchito chifukwa bwana wafikitsa zinthu poti sangathe kupitiriza, ndipo kumeneko kumawerengedwa ngati kuchotsedwa. Koma mukasayina kalata yonena kuti mwasiya mwa kufuna kwanu, mwadzipatsa phiri loti mukwere, chifukwa mudzayenera kuonetsa kuti munakakamizidwa. Pemphani kuti mupite nayo kunyumba mukaganize. Palibe lamulo lokukakamizani kusayina tsiku lomwelo.

Za amene ali pa pulobeshoni ndingodutsapo: kwa wantchito waluso nthawi yoyesedwayi siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'kati mwake mbali iliyonse itha kuthetsa mgwirizano popanda notisi.

[Pasikirini: zaka 7, masabata 14, masabata 16]

Tiwerenge ndalama tsopano, pogwiritsa ntchito bambo wathu wa zaka 7 uja. Khoti likapeza kuti anachotsedwa mopanda chilungamo, litha kulamula kuti abwezeredwe pantchito yake, kapena apatsidwe ntchito ina yofanana nayo, kapena alandire chipukuta misozi. Gawo 63 linaika mlingo wotsikitsitsa. Wogwira zaka zosapitirira 5 alandire malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse. Wopitirira zaka 5 mpaka 10, masabata awiri pa chaka. Wopitirira 10 mpaka 15, masabata atatu. Wopitirira zaka 15, mwezi wathunthu pa chaka chilichonse. Kwa bambo wathu ndiye masabata 14, ndipo pamenepo m'poyambira chabe, khoti litha kukweza likaona mmene munthuyo wavutikira.

Palinso ndalama ya severance. Chisinthireni lamulo mu 2010, ndalama imeneyi imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yakumana ndi mavuto a zachuma, komanso akachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha kapena wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe salandira. Kawerengedwe kake n'kotere: masabata awiri pa chaka m'zaka 5 zoyambirira, masabata atatu pa chaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi pa chaka kuyambira cha 11. Bambo wathu ndiye kuti masabata 10 kuphatikiza 6, onse 16. Mukasonkhanitsa ndi 14 aja akwana masabata 30, malipiro opitirira theka la chaka, notisi ndi masiku a tchuthi amene sanapite tisanawerengere. Bwana uja amafuna kupulumutsa matumba 40 a simenti.

Penshoni ndi nkhani yapadera. Bwana amasonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo ndalamazo zimasungidwa m'dzina la wantchitoyo kuthumba la penshoni. Bwana sangazigwire ponena kuti akubweza simenti.

Nanga inuyo mwalandira kalata yapageti, mupite kuti? Yambani ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Akuluakulu amati mlandu suola, koma apa mwambiwo musaudalire, chifukwa lamulo lakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku limene munachotsedwa kuti mukadandaule kumeneko. A leba amaitana mbali zonse ziwiri kuti akambirane. Akalephera kuthetsa nkhaniyo m'mwezi umodzi, itha kupita ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito lomwe likuyenda pansi pa Labour Relations Act ya 1996, ndipo lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Popita tengani chilichonse chapepala: kalata yokulembani ntchito, mapepala a malipiro, kalata yokuchotsaniyo, ndi mameseji onse apafoni, musafufute ngakhale amene akukupsetsani mtima.

Malipiro anu otsala ayenera kuperekedwa pasanathe masiku 7 chithereni ntchito. Ndipo musachoke osapempha setifiketi yosonyeza kuti munagwirapo ntchito pamalopo, ya pagawo 31 la Employment Act. Imanena kuti munagwira nthawi yaitali bwanji, paudindo wanji, mukulandira zingati. Chifukwa chimene ntchito inathera amachilembapo pokhapokha inuyo mutapempha, ndiye ngati simukufuna kuti mawu oti simenti akutsatireni kumene mukukafunsira ntchito ina, musapemphe.